Njinga Imene Anati Ndi Yatsopano

1

Dzina langa ndi Virgil Stamper. Kwathu ndi kumapiri a Tennessee, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Mkazi wanga Maxine anamwalira. Anthu amati sindilankhula, ndipo sanama. Izi ndalemba chifukwa zanditsamwa, pakamwa zikukana kutuluka.

Nkhani yake ndi ya njinga yamoto ya Maxine.

Anaigula imvi zitayamba kale. Tsiku loyamba anayenda nayo mpaka kutchalitchi, n'kubwera nkhope itagwa. Anati ikulira ngati makina osokera. Ndiye tinalowa nayo m'galaja. Tinachotsa mapaipi a utsi a kufakitale, ine n'kuwotcherera awiri afupiafupi, iye atandigwirira ndi pulayala. Tinachotsanso kachitini kogwira mpweya wa petulo, poti ankati kakuipitsa njinga ngati chotupa. Utoto anapaka yekha, wobiriwira, felemu yonse mpaka kunsi. Njingayo ikalira, agalu a kutsidya kwa chigwa ankayankha.

Anayenda nayo chilimwe chimodzi. Kenako anadwala.

Mwana tinali naye mmodzi, Marlee, msilikali. Nthawi imeneyo anali atapeza mwamuna, Tobin Renfro, mphunzitsi wa nyimbo wa ana aang'ono. Mnyamata wowonda, wa manja osalala, woti asanatsegule chitini cha nyemba amayamba wawerenga malangizo. Maxine anamukonda. Ine ndinangomuyang'ana.

Pa tsiku la ukwati, Maxine ali kale pampando wa matayala, anatenga makiyi a njinga n'kupatsa mkamwiniyo, osati mwana wake. Anati Marlee ndi wa boma, lero ali kuno, mawa ali kutsidya kwa nyanja, pamene njinga imafuna munthu wokhala pakhomo. Anailembetsa m'dzina la Tobin. Sindinagwirizane nazo, koma wodwala sutsutsana naye. Nyengo yozizira isanathe tinamuika m'manda.

Tobin njingayo sankayenda nayo. Ndikapita kukawaona ku Carolina, kumene Marlee ankagwira ntchito, ndinkaipeza itafunditsidwa nsalu, ikunyezimira ngati ya m'sitolo. Lamlungu ankaitulutsa n'kuzungulira nayo nyumba za anzake, liwiro loti mayi wokankha mwana ankamupitirira. Ndinamufunsapo kamodzi. Anati amaopa kuigwetsa. Ndinatuluka panja.

2

Chaka chatha Marlee anandiimbira foni kuti amusamutsa, akupita ku California. Ndinatukwana akuluakulu ake onse. Mwana mmodzi yekhayo, n'kukamuponya kumapeto kwa dziko ngati thumba la simenti. Iye anangoti lamulo ndi lamulo, Adadi. Anati Tobin atsala kaye mpaka sukulu itseke, ndipo njinga itengedwa ndi kampani yonyamula katundu.

Ndinati ayi. Njinga ya Maxine sikwera lole imodzi ndi mafiriji a anthu.

Ndinakoleka ngolo kumbuyo kwa galimoto yanga n'kupita ku Carolina. Marlee anali atanyamuka kale pa ndege. Ananditsegulira chitseko ndi Tobin, atawonda kuposa kale. M'nyumba makatoni anali milu iwiri, wina kukhoma ili, wina kukhoma ilo. Sindinafunse. Za m'nyumba za eni sindifunsa.

Anandithandiza kukweza njinga pangolo ndi kuimanga. Mfundo zake zinali za zingwe za nsapato. Ndinamasula zonse n'kumanganso iye akuona. Kenako analowa m'galaja n'kutuluka ndi katoni yolemera. Munali mapaipi akale aja ndi kachitini kaja, zimene Maxine anamupatsa pamodzi ndi njinga, zitakulungidwa bwinobwino m'manyuzipepala.

"Mutenge izi, Bambo. Kumene mukupitako akazifuna."

"Ndani?"

"A boma. Kumeneko za utsi salekerera. Ndinawerenga."

"Inu ndi kuwerenga," ndinatero, n'kuponya katoniyo m'galimoto.

Anaima pambali pa ngolo, dzanja lili pachishalo cha njinga, nthawi yaitali ndithu. Ndinaliza injini kuti achoke. Anachotsa dzanja n'kunena kuti ndiyende bwino.

3

Nambala ya ku Carolina imene inali pa njingayo inkatha mphamvu kumapeto kwa mwezi umenewo. Ikanatha popanda ya ku California, njinga sikanaloledwanso pamsewu. Marlee anali atatenga kale laisensi ya kumeneko, mothamanga ngati pali womuthamangitsa, ndiye njinga nayo inayenera kulembedwa komweko.

Anati ku ofesi yolembetsa magalimoto apita yekha, ine ndipume. Ndinakakhala m'galimoto n'kumudikira kuti tipitire limodzi. Kuuma khosi mwanayu anatengera ine, koma khosi langa linauma kale iye asanabadwe.

Woyendera njinga ku ofesiko anali Mayi Abalos, wamfupi, magalasi ali pachingwe, tochi m'manja. Anazungulira ngolo, anawerama n'kuyang'ana mapaipi.

"Anawotcherera ndani awa?"

"Ine."

"Ntchito yabwino. Koma achoke."

Anati pabwerere a kufakitale, ndi kachitini komwe. Anafunsanso za kachizindikiro kamene amamata pa felemu, konena malamulo a utsi amene njinga inapangidwira. Ndinati kali pansi pa utoto. Anati ndipale. Kenako anaunika kawotchi kowerenga mamailosi n'kuweramuka pang'onopang'ono.

"Vuto lalikulu ndi ili. Njingayi ndi yatsopano."

Ndinayesa sindinamve bwino. "Mayi, amene anapaka utoto uwu udzu unamera kale pamanda ake."

"Pepani, bambo. Koma kuno njinga imene sinakwane mamailosi 7,500 ndi yatsopano, kaya ichite dzimbiri. Ndipo yatsopano timailemba pokhapokha ngati inapangidwira malamulo a utsi a kuno."

Ndinayang'ana kawotchiko. Sikanafike ndi theka lomwe. Zaka zonsezo njinga ili m'manja mwa munthu woizunguliza nyumba za anzake.

Ndinawauza kuti dzina limene lili pa njingayo ndi la mwamuna wa mwanayu. Nkhope ya Mayi Abalos inamasuka. Anati ngati ndi choncho palibe chovuta. Munthu amene anailembetsa kumene ankakhala, akasamukira kuno n'kubwera yekha, mamailosi sawerengedwa. Abwere, asayine, basi. Anayang'ana Marlee. Marlee ankayang'ana nsapato zake.

4

Loweruka m'mawa kunabwera mnzake wa Marlee wa kuntchito, Sajeni Ruben Ochoa, mbadwa ya komweko, atanyamula bokosi la masipanala. Chifuwa ngati chitseko, manja a zipsera. Anagwada pambali pa njinga, ataona mapaipi anaimba mluzu. Anati madala, amene anawotcherera apa ndi wofunika kumuvulira chipewa.

Tinayamba kuchotsa mapaipi a Maxine. Bawuti imodzi inakana. Iye sanaikakamize. Anaithira mafuta n'kupita kukhitchini kukaphika khofi, ndipo anabwera ndi makapu awiri osafunsa kumene amakhala. Ndinaziona zimenezo, koma mutu wanga unali pa felemu.

Utoto ndinapala ndekha, ndi lumo. Pamalo pamenepo Maxine anapaka kawiri, ndipo ulusi wa burashi yake unali ukadali momwemo. Ndinapala ndikuluma mano. Kachizindikiro katatuluka kananena zimene ndinkaopa: malamulo a dziko lonse inde, a California ayi.

Ochoa anati tisadandaule. Tiimike tayala lakumbuyo m'mwamba, tiisiye ikulira mpaka mamailosi akwane, iye agula petulo, ine mowa, oyandikana nafe agule zotseka m'makutu. Marlee anaseka. Kuseka kwake kumeneko ndinali ndisanakumve chimwalirire mayi ake. Masana tinadya nyama yokulunga m'timikate ta chimanga imene Ochoa anabweretsa, ya tsabola wotulutsa misozi. Anandinena kuti anthu a kumapiri tsabola wathu ndi mchere. Ndinadya zinayi kuti atseke pakamwa.

Titamaliza tinaliza injini. Agalu a kutsidya kwa msewu sanatukule ndi mutu womwe.

Munthuyo ndinamukonda. Ndilembe pano kuti mudziwe pamene kupusa kwanga kunafika. Ndinamulola kukwera njinga ya mkazi wanga, anazungulira nayo bwalo atagoneka bondo pafupi ndi pansi, ndipo mumtima ndinati, Mulungu akanandipatsa mkamwini wotere.

5

Masiku ankapita, Tobin osabwera. Marlee anati ali ndi mayeso a ana. Kenako anati ali ndi kwaya. Kenako chimfine. Masana ena, Marlee ali kuntchito, ndinamuimbira Tobin ndekha. Ulemu wonse ndinausiya pakhomo.

Ndinamuuza kuti akwere ndege adzasayine. Anati sangathe.

"Sungathe chiyani? Ndege nayonso ukuopa kuigwetsa?"

"Si zimenezo, Bambo."

"Akuti njinga ndi yatsopano chifukwa cha iwe. Mkazi wanga anakupatsa njinga, iwe unaisandutsa khanda la m'chikuta. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Iwe unakwatira msilikali uli ndi mtima wa nkhuku."

Anakhala chete. Kumbuyo kwake kunkamveka ana akuliza zitoliro, aliyense nyimbo yake. Ndikanasiyira pomwepo. Koma munthu wosalankhula akatsegula pakamwa sadziwa potsekera.

"Kuno kuli amuna enieni. Pali wina, Ochoa, wagwira njingayi tsiku limodzi, waidziwa kuposa iwe zaka zonsezi. Wayenda nayo ine ndikuona."

Tobin anafunsa funso limodzi.

"Wakwera njinga ya Amayi?"

"Wakwera. Ngati mwamuna."

Atalankhula, mawu ake anali otsika.

"Bambo, njingayo ilembedwa, musade nkhawa. Muuzeni Marlee kuti nthawi yakwana. Adziwa."

Anadula. Aka kanali koyamba kuti Tobin andidulire foni, ndipo kanandipsetsa mtima kuposa zonse.

Madzulo ndinamuuza Marlee. Anaika foloko pansi. Anati Tobin amalankhula zophiphiritsa ngati nyimbo zake, ndisamumvere. Anaimirira n'kukayamba kutsuka mbale chakudya chake asanamalize.

6

Mwezi unatsala pang'ono kutha. M'mawa wina ndinamva Marlee akutuluka monyang'ama, nsapato zili m'manja. Anandipeza ndili kale m'galimoto, njinga nditaimanga pangolo. Anaima pawindo. Anati Adadi, chonde, lero lokha ndipite ndekha. Ndinamutsegulira chitseko.

Ku ofesi kuja Mayi Abalos anagwedezera mutu mapaipi, anagogoda kachitini, anawerenga kachizindikiro n'kuusa moyo. Tinalowa mkati, pawindo lawo, anthu ali pamzere kumbuyo kwathu. Anafunsa ngati mwamuna uja wabwera. Ndinati wakana.

Anati ndiye sangachitire mwina. Njinga ituluke mu California, apo ayi ikhale m'galaja ngati chokongoletsa. Ndinafunsa ngati palibe khomo lina. Anati makomo ena alipo awiri, koma onse ndi a tsoka. Loyamba ndi ngati munthu wailandira monga cholowa, mwini wake atamwalira.

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinati ndi ya mayi ake, ndipo mayi akewo anamwalira. Anafunsa ngati inachoka kwa malemuwo kupita kwa mwanayu. Bodza linafika pamilomo. Ndinalibweza. Ndinati ayi, anaipereka ali moyo, kwa mkamwini.

"Ndiye si cholowa, bambo."

"Lachiwiri?"

"Ngati khoti lamupatsa munthu pothetsa ukwati. Koma zimenezo inu sizikukukhudzani."

Anayamba kutibwezera mapepala athu.

"Adadi, kadikireni panja," anatero Marlee.

"Sindituluka."

"Adadi."

"Ndadutsa nayo dziko lonse njingayi. Sindituluka."

Anatsinzina. Atatsegula maso analankhula kwa Mayi Abalos, osati kwa ine, ndi mawu amene amayankhira akuluakulu ake.

"Zikundikhudza, mayi. Ukwati wanga unatha. Khoti linandipatsa njingayi."

Anatulutsa chigamulocho m'thumba la yunifolomu. Mayi Abalos anawerenga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwezera maso pansi msanga. Anadinda. Anati mamailosi alibenso ntchito. Anatipatsa nambala yatsopano, chitsulo chozizira, ndipo wina pamzere anati ngati tamaliza tisunthe.

7

Panja dzuwa linkaswa mtengo. Ndinaima pambali pa ngolo n'kufunsa funso limodzi: wachita chiyani mnyamata uja? Mumtima ndinali nditayamba kale ulendo wa ku Carolina, sipanala yaikulu ili pampando.

"Sanachite kanthu."

"Usamubise."

"Ndine, Adadi."

Zotsalazo ananena akuyang'ana tayala la ngolo. Anati zinayamba ali kunja kwa dziko pa ntchito. Anati mwamunayo ndikumudziwa, ndamwa khofi wake. Anati palibe amene anamusamutsa mokakamiza. Anapempha yekha, anapempha kawiri, kuti atsatire Ochoa kwawo. Akuluakulu amene ndinawatukwana aja anangomupatsa zimene anafuna.

Tobin anazidziwa yekha. Ku usilikali kulowa m'banja la mwini ndi mlandu. Akanangopita kwa mkulu wa gulu lawo n'kunena mawu awiri, Marlee ndi Ochoa onse awiri akanathotholedwa nyota, mwina kuchotsedwa ntchito kumene. Sanapite. Chaka chonse Marlee ankagona kukampu, Tobin kunyumba, kudikira kuti khoti limalize. Ndikati ndikubwera kudzacheza, Marlee ankabwerera kunyumba ndi chikwama chake, kudzandichitira sewero. Pa chikondwerero cha zokolola ndinakhala nawo patebulo, nkhukundembo ili pakati, ndikupemphera iwo atagwirana manja. Tobin anamuuza kuti andiuze zoona. Marlee anamupempha kuti akhale chete mpaka iye apeze mphamvu. Anakhala chete.

Ndinafunsa za njinga. Anati Tobin sanalimbirane kanthu, ngakhale mipando. Chimene anaumirira kwa loya ndi chimodzi: njinga ilembedwe m'chigamulo. Marlee anati angompatsa pamanja. Iye anakana. Anali atawerenga kuti akangoipereka ngati mphatso, California idzaikana, ndipo njinga ya Amayi idzaolera m'galaja.

"Ndinkaopa kuti mundida, Adadi."

"Ndiye unandisiya ndide wina."

Ndinapitiriza.

"Unali pompo ndikupatsa munthu uja makiyi a mayi ako. Unaseka."

Anayamba kulira. Mwana ameneyu sanalire pa maliro a mayi ake, anaima njo ngati mlonda. Tsiku limenelo analira pakati pa magalimoto a anthu, atavala yunifolomu. Sindinamugwire. Ndinalowa m'galimoto n'kudikira kuti amalize.

8

Kunyumba tinapeza Ochoa ali pakhonde, mabotolo ozizira ali pambali pake. Anaimirira akumwetulira.

"Madala, zatheka?"

Ndinatsika n'kuyamba kumasula zingwe. Atabwera kuti agwire handulo ndinati achotse manja. Anayang'ana Marlee, n'kumvetsa. Anavula chipewa. Anati akudziwa kuti ndakwiya, ndipo akufuna tikhale pansi tikambirane ngati amuna.

"Mwamuna ndinamusiya ku Carolina," ndinatero.

Sipanala inali m'manja mwanga. Ndinaiyang'ana, iyenso anaiyang'ana. Ndili ndi zaka zambiri, ndipo munthuyo akanandithyola ngati bango, koma si chimene chinandiletsa. Ndinabwerera kudzamanga nambala, osati kudzagona m'chitokosi.

Ndinagwada kumbuyo kwa njinga. Ndinachotsa nambala ya ku Carolina, ndinamanga ya ku California, mabawuti onse mpaka analira. Makiyi ndinawasiya pachishalo. Khoti linati ndi ya Marlee, ndipo ine sinditsutsana ndi khoti.

Marlee ananditsatira m'chipinda ndikulongedza. Anati ndigone, tikambirane mawa. Anati Tobin ndi munthu wabwino koma sankamukondanso, kodi akanatani, akanakhala moyo wonse akunamizira? Ndinati kunamizira ndiye wakuchita bwino. Anati ndine wouma mtima, ndi chifukwa chake sanandiuze. Mwina ananena zoona. Ndinanyamula chikwama changa.

Pamphambano imene msewu wa kwathu umapatukira kumapiri, sindinapatuke.

9

Tobin ndinamupeza pasukulu ana ataweruka, akutola zitoliro n'kumaponya m'dengu. Atandiona anaimirira ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Njira yonse, m'zipululu ndi m'minda ya thonje, ndinali ndikukonza mawu. Nditalowa m'kalasimo anathawa onse.

"Njinga yalembedwa," ndinatero.

"Zikomo, Bambo."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze pa foni paja, ndikumutukwana. Anati Marlee ndi mwana wanga mmodzi yekha, ndipo sikunali kwa iye kundilanda mwana pa foni. Ndinati zimene ndinanena zija zinali zamwano. Anati zina zinali zoona, njingayo ankaiopadi. Anati ikakhala pakati pa miyendo yake ankangoganiza za tsiku limene adzaikande, n'kusowa womupepesa.

Ndinamuthandiza kusanja timipando ta ana kukhoma. Tinakadya limodzi pamalo ena a nyama yootcha. Sitinalankhule zambiri. Iyenso, ndinazindikira tsiku limenelo, si wolankhula.

Inu owerenga, ndikudziwa zimene mukufuna kundiuza. Abusa athu anandiuza kale, mlongo wanganso. Musandilembere makalata a kukhululuka. Sindinakwiye chifukwa ukwati unatha. Maukwati amatha, ndawaona. Ndakwiya chifukwa mwana wanga anandiyang'ana chaka chathunthu ndikulavulira munthu wosalakwa, n'kuona kuti zili bwino chonchi bola malovuwo asagwere iye. Ndakwiyiranso ine. Ndinayeza munthu ndi mmene amagwirira sipanala, poti ndi muyezo wokhawo umene ndinali nawo, ndipo mkazi wanga, ali pakamwa pa imfa, anaona bwino kuposa ine wamaso awiri.

Ngati muli ndi mkamwini amene mumamuyang'ana cham'mbali, sindikuti mumukonde. Ine sindiuza anthu zochita. Ndikungoti mukamamutukwana iye n'kungokhala chete, musafulumire kunena kuti ndi mantha.

Njinga ya Maxine ikuyenda. Ndamva kuti masiku ena amayenda nayo ndi Ochoa, Marlee ali kumbuyo. Marlee amaimba foni Lamlungu lililonse. Ndimayankha, ndimamvetsera, ndimati chabwino, n'kudula. Akwatirana mwezi wamawa, ndipo akufuna ndikamuperekeze kuguwa, dzanja lake lili pamkono panga.

Tobin akuti ndipite. Sindinamuyankhe.